Kavalo Wodzikhula pa Chipata

Khalani pansi ana anga, ndi inu akamwini, ndi inu nonse mwabwera kudzandipepesa. Khofiyo musiyeni azizire. Ndikufuna ndinene za amuna anga a Bariso, amene tawaika m'manda masiku asanu ndi anayi apitawa. Achinyamata mumawadziwa ngati nkhalamba yotsokomola imene inkakhala pakhomo n'kumasuzumira akavalo a eni ake akamadutsa. Simudziwa kuti kusuzumira komweko n'kumene kunapulumutsa mchimwene wanga Ganamo.

A Bariso kusukulu sanapondeko. Koma zaka khumi ndi ziwiri anagwira ntchito kuchipatala cha ziweto kutauni, yogwira akavalo kuti dokotala awabaye. Manja akugwira chingwe, makutu ali tcheru.

Chaka chimene ndikunenachi barele anali atacha m'minda, mitambo ya matalala ikuzungulira phiri. Lachiwiri, tsiku la msika, mudzi uli zii, wina anamasula kavalo Bora kudambo masanasana n'kupita naye. Bora wotuwa uja, amene mwini wake anatengerako dzina. Tangoganizani, munthu womutcha Abba Bora, kutanthauza bambo wa Bora, Borayo palibe. Ngakhale ana ankaseka kumbali. Ndipo woweta Bora anali Ganamo.

Lachisanu akuluakulu anaitana afersata, msonkhano wofufuza wakuba. Inu a lero simunaione. Mudzi wonse, ndi makanda omwe, anatilowetsa mumpanda wa minga pabwalo la msika, chipata n'kutseka. Palibe kutuluka mpaka wakuba atchulidwe. Ng'ombe zilire ndi mkaka, zilire. Barele ayoyoke, ayoyoke. Akuluakulu anakhala pakona paokha n'kumaitana munthu mmodzimmodzi kuti anong'one zimene akudziwa. Akavalo athu tinawamangirira kunja, m'mbali mwa mpanda. Pachipata panaima Feyiso, msilikali wa mudzi, mfuti paphewa.

Loweruka m'mawa mkulu wa bwalo, Obbo Dube, anawakokera a Bariso pambali.

"Bariso, tinaweta mbuzi limodzi, ndiye ndikuuze usanamve kwa ena. Pakamwa khumi ndi pamodzi patchula mlamu wako."

"Amuona?"

"Aona kuti panalibe. Munthu wakusiyira kavalo, kavalo wasowa, iwenso wasowa mpaka madzulo, tikakufunsa ukungoyang'ana zala zakumapazi. Mawa dzuwa likafika pamutu timutchula. Anthu atopa, akufuna akakolole."

"Mukamutchula?"

"Ukudziwa kale. Ng'ombe zake ziwiri kwa Abba Bora, denga timusasulira, iyeyo apolisi adzamutenge."

Mkazi wa Ganamo anali ndi pakati potopa. Anali chikhalire pachikopa, miyendo itatupa, akuwayang'ana.

* * *

A Bariso anamupeza Ganamo atatsamira kumpanda, minga ikumubaya kumsana, iye osasamala.

"Alamu, Lachiwiri munali kuti?"

"Ndi... ndinalipo."

"Munalipo kuti? Ine si Dube. Ine ndimagona ndi mlongo wanu nyumba imodzi, mukamangidwa ndilibe mtendere mpaka kufa. Nenani."

Ganamo anali wachibwibwi, mantha akamugwira mawu ankachita kukakamira pakhosi.

"Ku... kunkhalango ya boma. Mtanda wa denga unathyoka. Mwana abadwire pamvula? Ndi... ndinadula mkungudza umodzi. Umodzi wokha, alamu."

A Bariso anagwira pamutu. Masiku amenewo kudula mkungudza m'nkhalango imeneyo zinali zaka kundende. Akanena kumene anali, ndende. Akakhala chete, ndende yomweyo, ndi dzina la wakuba pamwamba.

"Ndani ankadziwa kuti mupita?"

"Palibe. Koma Lachiwiri aliyense amadziwa kuti alonda a nkhalango amakhala kumsika."

"Chingwe cha Bora chinadulidwa?"

"Ayi. Chi... chinamasulidwa bwinobwino. Ndi chikhomo chomwe anazula n'kutenga."

Wakuba wothamanga amadula. Uyu anali ndi nthawi yozula chikhomo. Ndiye kuti sankaopa kuti wina amufunsa chimene akuchita.

* * *

Abba Bora anali atakhala pachishalo cha Bora, chimene anabwera nacho mumpanda ngati mwana wamasiye. Anali munthu wolankhula ngati akulamula gulu la nkhondo.

"Wabwera kudzapepesera mlamu wako? Bwerera."

"Ndabwera kudzafunsa za kavalo, Abba Bora. Bora amalola mlendo?"

"Bora? Mlendo? Analuma mphunzitsi phewa! Anamenya wogula zikopa mpaka anakwawa!"

"Ndiye angatsate ndani?"

"Ine. Ndi mlamu wakoyo, kapolo ameneyo."

"Basi?"

Mkuluyo anaseweretsa ndevu.

"Ndi kavalo wamkazi," anatero monyinyirika. "Chitsiru chimenecho, chikaona wamkazi patsogolo, chimutsata mpaka kumanda. Ungachimange ndi ulusi."

Ganamo analibe kavalo, wamkazi kapena wamphongo. Analibe ngakhale bulu. A Bariso anawerenga m'mutu akavalo aakazi a m'mudzi mwathu. Anakwana makumi atatu ndi mphambu. Eni ake onse amene anawakumbukira anali mumpanda momwemo, ndipo onse ankalumbira kuti anali kumsika.

* * *

Kenako a Bariso anapita kwa Aadde Galane, wofulula mowa, mayi woti pakamwa pake sipankatseka ngakhale m'tulo. Anali akukazinga barele paphale, chifukwa chakudya chathu mumpanda chinali chomwecho.

"Eee, Obbo Bariso, dokotala wopanda pepala! Mwabwera kudzandiyeza mano? Ine ndatopa nawo mudzi uno. Mowa wanga ukusasa kunyumba, mitsuko itatu, ndani andilipira? Dube? Dube amamwa chongolawa mpaka mtsuko kuuma."

"Aadde, inu mumaona zonse. Ndani sanafike kumsika Lachiwiri?"

"Mlamu wanu. Sheikh, ankadwala mwendo. Mkazi wa Tusa, anamenyana ndi mwamuna wake, diso lili chonchi. Basi. Ndi Feyiso, koma ameneyo anachoka Lolemba, maliro a apongozi ake kuseri kwa phiri, kumtunda kozizira kuja. Anabwera Lachinayi. Maliro ake abwino bwanji, munthu kubwerako akuimba mluzu! N'kudzandigogodera, ati Aadde ndigaireni batala, chipanda chonse. Ndati iwe, ukufuna udzole kumutu ngati mkwatibwi? Akukwatira ndani ndi mano amenewo?"

"Batala anati n'ngwachiyani?"

"Ndikanafunsa ndikanagulitsa? Tengani barele uyu mudye, mwaonda ngati chikwapu."

A Bariso analandira barele m'manja n'kukakhala pafupi ndi chipata, pamene panali kamthunzi. Mutu unali utaima. Ana akulira, ng'ombe zikulira kumakola, fungo la anthu mazana awiri amene sanasambe. Anatsamira msanamira n'kutseka maso.

Msanamira ija inkagwedezeka.

Inagwedezeka, n'kusiya, n'kuyambanso. Anasuzumira pakati pa minga. Kunja kwake kavalo wamkazi wofiira anali atapanikiza matako kumsanamira, akudzikhula tsinde la mchira, mlomo uli pululu. Atamaliza anatembenuka n'kuyamba kukhula khosi. Manyenje anali atathothoka pakati, khungu litatupa timabuluzi, likunyezimira batala.

Anali Dama, kavalo wa Feyiso.

* * *

Apa ndiime pang'ono, chifukwa mukapanda kumva ichi simumva chilichonse.

Dama, Feyiso anamugula zaka zinayi m'mbuyomo kwa woyendetsa ngolo wa kuchigwa, kunyanja ya Dambal. Anamugula motchipa chifukwa anali wonyansa, manyenje palibe, mchira ngati wa khoswe, zilonda khosi lonse. Feyiso anamupaka batala wosakaniza ndi fodya, ndipo patatha miyezi iwiri ubweya unamera. Anayamba kudzitama kuti iye ndi sing'anga. A Bariso anamuuza pamaso pa anthu kuti, si batala wako wachiza, n'kuzizira kwa kuno. Anthu anawaseka. Feyiso anaseka kuposa onse.

Zimene a Bariso anamva kwa dokotala uja ndi izi. Kuchigwa, m'bango la m'mbali mwa madzi, muli tiudzudzu ting'onoting'ono ngati mutu wa singano. Tikamaluma timalavulira malovu m'khungu kuti magazi asaundane. M'malovumo muli kanthu kamene madokotala amati puloteni. Akavalo ambiri sakamva n'komwe. Koma alipo ena oti asilikali a m'thupi mwawo anakaloweza kanthuko ngati mdani. Kakangolowa, asilikaliwo amathamangira pakhungupo onse, kukuwa, kutentha, kumenya ndi pamene palibe nkhondo. Khungu n'kutupa, n'kuyabwa moti kavalo amadzikhula mpaka magazi. Ndipo asilikali amenewo saiwala. Zipite zaka zinayi, zipite khumi. Kuno kumtunda tiudzudzuto kulibe, chisanu sitichipirira. Kuseri kwa phiri, kumene kunali maliro, ndiye madzi amachita kuuma m'chikho ndi kuzizira.

A Bariso anaima n'kuitana.

"Feyiso, mwana wa mnzanga, kavalo wako watani?"

Feyiso anabwera akumwetulira, chala chili palamba wa mfuti. Anali mnyamata wa nthabwala, aliyense ankamukonda.

"Nsabwe, Obbo. Zochokera kumaliro. Apongozi anga anasiya nsabwe zokha, ndiye cholowa changa n'chimenecho."

"Kumaliro kunazizira?"

"Kuzizira kwake! Mapemphero tinachita mano akugundana."

"Wachita bwino kupita. Maliro a apongozi sathawidwa."

"Khalani pansi Obbo, musatope. Mawa mutuluka. Chisoni n'cha alamu anuwo, koma lamulo ndi lamulo."

A Bariso anakhala pansi. Mudzi wonse unali utafunsidwa, ndi agogo osaona omwe. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaitanidwe pakona paja, chifukwa mlonda wa afersata salowa m'kati. Ndipo munthu ameneyo anali ndi mfuti, ife tili m'khola ngati nkhosa.

* * *

Lamlungu kunacha ndi mitambo yakuda. Anthu ankayang'ana kumwamba, kenako n'kuyang'ana Ganamo. Ena anayamba kulankhula mokweza kuti tikudikira chiyani. Mkazi wa Ganamo anandigwira dzanja n'kundiuza kuti msana wayamba kumupweteka.

A Bariso anapita kwa Obbo Dube.

"Dube, usanatchule munthu, pali vuto lina. Kavalo wa pachipatayo ali ndi nthenda ya pakhungu. Ngati ndi mphere, akavalo onse amangidwa naye pamodziwo atha. Ndi wakonso, waima pafupi naye."

Dube anadzuka msangamsanga. Munthu ukamuuza za mlamu wako amayasamula, koma ukamuuza za kavalo wake amathamanga.

"Feyiso! Lowetsa kavaloyo Bariso amuone."

"Obbo Dube, ine sindiloledwa kulowa."

"Wolola ndine. Lowa."

Chipata chinatseguka pang'ono. Dama analowa akuvina, akupukusa mutu, akufuna pokhula. Dzanja limodzi silikanamugwira. Anamukoka Feyiso uku, kumukokera uko, mfuti ikugunda m'nthiti.

"Gwira ndi manja awiri, andiponda!" anakuwa a Bariso. "Mfutiyo patsa munthu akugwirire!"

Feyiso anaivula n'kupatsira amene anali pafupi, osayang'ana n'komwe. Amene anali pafupi anali Abba Bora.

A Bariso anapempha chipeso kwa Aadde Galane. Anapesa manyenje otsalawo pansalu yoyera, pang'onopang'ono, anthu ataunjikana.

"Dube, ukuona nsabwe?"

"Palibe."

"Mazira ake?"

"Palibe."

"Kavalo wako waima naye masiku atatu, akhudzana nthiti. Akudzikanda?"

"Ayi."

"Ndiye si nsabwe, si mphere. Onani pamene patupa. Pakhosi pamene pamera manyenje, ndi patsinde la mchira. Aadde Galane, kavaloyu anabwera bwanji m'mudzi muno zaka zinayi zapitazo?"

"Chonchi! Ndendende chonchi! Tinkamutcha kankhuku kososoka nthenga!"

"Feyiso, ndinakuuza kuti usadzamutsitsirenso kuchigwa. Unaseka. Unati batala wako anamuchiza."

"Anachira!" anatero Feyiso. "Zaka zinayi osadwala!"

"Sanachire. Anangotalikirana nato tiudzudzu ta kunyanja. Thupi lake likukumbukira malovu ato kuposa mmene iwe ukukumbukira maliro a apongozi ako. Zotupa izi n'zamasiku anayi kapena asanu. Tandiuza, kuseri kwa phiri kuli bango?"

Feyiso anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Akuluakulu, mumanga munthu chifukwa cha malovu a kachilombo? Kachilombo kalumbira pamaso panu? Uyu akungofuna kupulumutsa mlamu wake."

"N'zoona, ndikufuna," anatero a Bariso. "Ndiye musandikhulupirire ine. Tumani wokwera kavalo kuseri kwa phiri, abwera dzuwa lisanalowe. Akafunse ngati mkamwini anaponya dothi m'manda."

"Ndipo batala wanga!" anakuwa Galane. "Chipanda chonse! Ndimayesa ukukwatiwa!"

Anthu ena anaseka, koma Dube sanaseke.

"Feyiso, titume?"

Feyiso anayang'ana kuchipata. Anyamata anali atachitseka kale, ataimirira pamenepo. Mpanda umene iye mwini anadula minga yake Lachisanu unamuzungulira mbali zonse.

Kenako tinamva kuti khetye. Abba Bora anali atakoka chitsulo cha mfuti.

* * *

Anthu anagwa pansi ngati barele womweta. Ine ndinagwera pamwamba pa mlamu wanga wapakatiyo. Nditadzutsa mutu ndinaona amuna anga ataima pakati pa Abba Bora ndi Feyiso, chipeso chili m'manja, mfuti italoza pachifuwa pawo.

"Choka, Bariso," anatero Abba Bora.

"Ndichoka. Koma mundiuze kaye, mukamuwombera, Bora mukamufunsa kwa ndani? Kuchigwa kuli ngolo mazanamazana. Lero lino Bora akukoka ngolo ya anyezi, akumenyedwa ndi mwana wosadziwa dzina lake. Amene akudziwa khomo lake ndi uyu yekha."

Mkuluyo anachotsa maso pa Feyiso.

"Bora... pangolo?"

"Pangolo. Tsiku lililonse mukuchedwa, msana ukunyuka."

Mfuti inatsika pang'onopang'ono. Dube anaitenga n'kuikhalira.

Feyiso anakhala pansi m'fumbi. Sanalire. Anangoti, "Kwa Kedir wa ngolo, kuseri kwa chigayo, pafupi ndi doko." Kenako anaulula zonse. Lolemba anagona kwa mnzake kunjira, Lachiwiri anabwerera m'dambo, anaona Ganamo akuchoka, anayendetsa Dama patsogolo, Bora n'kumatsata yekha mpaka kuchigwa.

"Ganamo ankapita kuti?" anafunsa Dube.

Feyiso anatsegula pakamwa, koma a Bariso anamudula.

"Afersata iyi taitanira kavalo, Dube. Kavalo wapezeka. Kapena ukufuna tiyambe kufunsana aliyense kumene amapita tsiku la msika? Tiyambire iwe?"

Aadde Galane anaseka mpaka kutsokomola. Dube anayang'ana kumitambo n'kunena kuti, "Tsegulani chipata."

Anthu anatuluka ngati madzi, ena kumakola, ena molunjika kumunda ndi zikwakwa. Matalala anagwa Lachiwiri lake, barele wambiri ali kale m'nkhokwe. Mkazi wa Ganamo asanafike n'kunyumba komwe, msana unamugwira zenizeni. Tinamunyamula pachikopa, ndipo mwana anabadwira pansi pa denga lija, mtanda wake ukununkhira mkungudza wauwisi. Mwanayo ndi uyu wakhala pakhomoyu, wa imvi m'ndevuyu. Usabise nkhope, Bedaso, ndiwe.

Bora anakamutenga a Bariso ndi Abba Bora. Anabwera ataonda, pamsana pali bala la goli, koma atafika padambo analira mpaka mudzi wonse unatuluka. Feyiso apolisi anamutenga. Dama anatsala kwa ife, chifukwa panalibe womufuna. Sitinamupake kanthu. Patatha miyezi iwiri manyenje anamera okha, ndipo anafera kuno ali wokalamba, osatsikanso kuchigwa.

Za mkungudza a Bariso sanauze munthu, ngakhale ine. Ndinazimva kwa Ganamo mwini wake ali pafupi kumwalira. Ndikuzinena lero chifukwa onse oopa ndende anapita.

Tsiku loika maliro munaona Bedaso akubwera ndi matabwa ofiira paphewa, ena mumafunsana kuti wawatenga kuti matabwa akale chonchi. Anakwera padenga la nyumba ya bambo ake, nagwetsa mtanda uja, nauwaza. Ndi umene tatsekera manda.

Ine masiku anga atsala ochepa, ndipo mutu wayamba kutaya zinthu. Ndiye ndikukusiyirani inu. Mukadzaona kavalo akudzikhula pamsanamira, musadzangomukalipira. Mudzaime, mudzayang'ane pamene patupa, ndipo mwana amene ali nanu mudzamuuze kuti kunali munthu wina dzina lake Bariso, wosadziwa kulemba, amene anaima kutsogolo kwa mfuti ndi chipeso m'manja.